Timba akulera ana osakhala ake, ndiwachotsemo m'chisa?

Mayi wina wa ku Chongwe, chakufupi ndi Great East Road, walemba kuti: "Ndili ndi dimba m'mphepete mwa dambo. Mwana wanga wapeza chisa cha timba mu udzu, muli tiana tiwiri tonenepa tosafanana ndi makolo ake, milomo yake yokhuthala ngati ya mpheta. Pafupi pomwepo pamatera kambalame kachikasu kamlomo wakuda. Ndi chiyani chimenechi? Ndichotsemo anawo kuti timba apume? Komanso sabata yamawa ndikufuna kutchetcha udzu wonsewo chifukwa cha njoka."

Mayi, choyamba muuzeni mwanayo kuti ali ndi maso, chifukwa chisa cha timba sichipezeka wamba, anthu akuluakulu timazungulira m'mawa wonse mathalauza atanyowa ndi mame osapeza kanthu. Chachiwiri, musachotsemo anawo, ndipo chikwanje chija chiyambe chapuma kaye. Ndifotokoza chifukwa chake koma mundipirire, nkhani yake ndi yaitali ndipo ndi imodzi mwa nkhani zimene ine ndikayamba sindifuna kusiya.

Malinga ndi mmene mwalongosolera, chisa cha timba, mu udzu wa kudambo, nthawi ya dzinja, ana awiri amilomo yokhuthala, kuphatikizapo kachikasu kaja kotera pafupi, mwakumana ndi mbalame imene pa Chingerezi amati cuckoo finch, mabuku akale ankati parasitic weaver, a sayansi amati Anomalospiza imberbis. Kwathu kum'mawa tinkangoziwunjika zonse zazing'ono zodya njere za udzu n'kumati mpheta basi, ndiye pano ine ndizingoti kachikasu, chonde musawerenge kachasu. Ndi kakang'ono, masentimita 12 kapena 13 kuchokera kumlomo mpaka kumchira, mchira wake waufupi, mlomo waufupi koma wonenepa kutsinde ngati kamphero kophwanyira njere. Kamene mwaonako ndi katambala, m'dzinja kamawala chikasu mutu ndi pamimba, kumsana kuli mizeremizere yakuda, mlomo bii. Kathadzi simungakatchere khutu n'komwe, ndi kotuwa kofiirira kamizere, mbalame wamba yongodutsa. Koma mwini nkhani yonseyi ndi kathadziko.

Mbalame imeneyi simanga chisa. Sifungatira mazira, sidyetsa ana, moyo wake wonse sinanyamulepo chiwala kupititsa kwa mwana. Kathadzi kamakhala phee pa udzu kuonerera timba akumanga, akayamba kuikira iko kamalowa eni ake atachoka, kuchotsa dzira la mwini chisa, kuikira lake, n'kuuluka. Nthawi zambiri kamabwereranso pa chisa chomwecho kudzaikira lachiwiri, n'chifukwa chake inu mwapeza ana awiri, zimenezo ndi zachizolowezi kwa mbalameyi. Dzira limaswa pakatha pafupifupi masabata awiri, anawo amakhala m'chisa masiku pafupifupi 18. Sakankhira anzawo kunja monga amachitira ana a cuckoo weniweni, mbalame ina yoikira mazira m'zisa za eni, komanso sabaya anzawo ngati mwana wa mbalame ija yolozera njuchi amene amaswa ali ndi kangowe kakuthwa kumlomo. Iwo njira yawo ndi kulira ndi kukamwa basi, amapempha chakudya mwamphamvu kuposa ana a timba, amakula msanga, ndiye ngati munali mwana weniweni wa timba m'menemo nthawi zambiri amafa ndi njala masiku oyambirira omwewo.

Apa mpamene pagona yankho la funso lanu loyamba. Pamene mwafikapa ana a timba kulibe kale. Mukachotsa awiriwo simupulumutsa aliyense, mungopha tiana tiwiri n'kusiya chisa chopanda kanthu. Ndipo ndikudziwa mtima umene ukukupangitsani kufunsa, ndi mtima wa mayi, kuona kanthu kakang'ono kakuvutikira ana a eni pamene atate awo angokhala pa udzu kudzionetsa chikasu chawo, zimapsetsa mtima ndithu, ena mwina zawakumbutsa anthu ena ake a mu komboni. Koma timba si wopusa ngati mmene akuonekera pa chisa chanucho. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo mwambi umenewo a sayansi anadzaupeza kuti ndi woona kuposa mmene eni mwambi ankaganizira, ndipo anaupezera kuno konkuno ku Zambia.

Ku Choma kunali mlimi wina, Major John Colebrook-Robjent, amene kwa zaka zambiri, kuyambira cha m'ma 1970, ankasonkhanitsa mazira a mbalame za kumeneko n'kumalemba mosamala dzira lililonse kumene lapezeka ndi chisa chake. Anamwalira mu 2008. Pa ntchito yakeyo mpamene anadzamangapo Claire Spottiswoode, wa ku mayunivesite a Cambridge ndi Cape Town, amene wakhala akubwera ku Choma dzinja ndi dzinja kugwira ntchito ndi anthu a m'mafamu a kumeneko, ndipo tinene zoona, opeza zisa ndi anthu a kumeneko, amene anakulira mu udzu umenewo ngati mwana wanuyo. Zambiri zimene dziko lonse likudziwa lero za kachikasu zinachokera m'minda ndi m'madambo a ku Southern Province, koma ana athu a sukulu muno mu Lusaka amadziwa za penguin kuposa za mbalame imeneyi, zimandiwawa pang'ono.

Chimene anapeza ndi ichi. Timba amene kachikasu kamakonda kwambiri ku Choma ndi uja wa mchira wautali wogwedezagwedeza, amati tawny-flanked prinia, yemweyo amalira chilirelire m'maheji ngakhale muno m'mayadi. Mukayang'ana zisa khumi za timba ameneyu mungaganize kuti mwaona mitundu khumi ya mbalame. Wina amaikira mazira oyera, wina obiriwira ngati kumwamba, wina ofiira ngati njerwa, wina obiriwira moderapo ngati tsamba lofota, ndipo pamwamba pake pali timadontho, timabala, ndi timizere topotanapotana ngati munthu amayesa bolopeni. Thadzi lililonse lili ndi kalembedwe kakekake ndipo silisintha moyo wake wonse, monga siginecha ya ku banki. Cholinga chake ndi chimodzi, kuti akabwera pa chisa adziwe lake ndi liti, lachilendo ndi liti. Akaona dzira losagwirizana ndi siginecha yake amaliboola ndi mlomo n'kukalitaya kutali. Ndiye kachikasu nako kanaphunzira kubera siginecha, kali ndi mathadzi oikira oyera, ena obiriwira, ena ofiira, madontho ndi onse. Koma thadzi limodzi la kachikasu limaikira mtundu umodzi wokha, ndiye likalowa m'chisa cha timba wa mazira ofiira ilo lili la obiriwira, dzira lija limatayidwa tsiku lomwelo. Mazira ambiri a kachikasu amathera pansi choncho. Chisa chimene mwaonacho ndi pamene wakuba anachita mwayi, zisa zimene timba anawina simungazione chifukwa zimangooneka zisa wamba.

Anthu aja anayesa zimenezi posinthanitsa mazira m'zisa n'kumaona kuti timba ataya liti, asunga liti, ndipo mtundu wa dzira sankauyeza ndi maso a munthu ayi, ankagwiritsa makina, poti mbalame zimaona mitundu imene ife sitiona, kuphatikizapo kuwala kwa ultraviolet. Anapeza kuti timba amayang'ana zinthu zingapo nthawi imodzi, mtundu wa dzira, kukula kwa madontho, mmene amwazikira. Ndipo timizere topotana tija kachikasu sikatha kutilemba. Kubwerera kuja kodzaikira dzira lachiwiri nakonso ndi nzeru ya nkhondo yomweyi, anapeza kuti mazira achilendo akachuluka m'chisa timba amasokonezeka, poti mbali ina amadalira kukumbukira mazira ake mbali ina amayang'ana kuti losiyana ndi anzake ndi liti, ndiye akuba akakhala ambiri kuposa ake mutu umamuzungulira n'kulandira onse.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi cha mazira akale a Major aja. Atayerekeza mazira a zaka zoyambirira ndi a masiku ano, anaona kuti mitundu yasintha mkati mwa zaka pafupifupi 40 zokha, ya timba ikuthawa, ya kachikasu ikuthamangira pambuyo. Zaka 40, Mayi, msinkhu wa munthu woti akadali ndi ana ku pulayimale. Timazolowera kumva kuti zinthu za chilengedwe zimasintha pa zaka mamiliyoni, izi zasintha anthu a ku Choma akulima fodya ndi chimanga pambali. Ndiye mu 2022 anatulutsa zina, atayeza DNA, zoti luso lobera mtundu wa dzira limadutsa kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, bambo alibe nalo gawo. Ngati ife a Chewa ndithu, mbumba ndi ya kuchikazi. Ubwino wake kwa kachikasu ndi woti thadzi lokulira m'chisa cha timba wa mtundu wakuti lidzaikira mazira oyenera timba yemweyo ngakhale litakwatiwa ndi tambala wokulira kwina, ndipo mizere ya kuchikazi imeneyi yakhala yosiyana kwa zaka pafupifupi mamiliyoni awiri. Kuipa kwake ndi koti sikatha kusakaniza za kwa mayi ndi za kwa bambo kuti katulutse mtundu watsopano, pamene timba amatha. Dzira lija lobiriwira moderapo ngati tsamba lofota, kachikasu ka ku Choma sikanathe kulibera mpaka pano, ndiye atimba oikira mtundu umenewo ali pabwino.

Si timba mmodzi yekha amene amavutitsidwa. Abale ake amene amati cisticola, tija timauluka m'mwamba mwa dambo tikulira ti ti ti, nawonso ena amalera ana a eni, zitting cisticola, croaking cisticola, red-faced cisticola. Womalizayu mazira ake sasiyanasiyana kwambiri koma diso lake ndi lakuthwa zedi, kusiyana pang'ono kokha wataya. Rattling cisticola ku Choma kachikasu sikamuikira n'komwe masiku ano, ndipo ofufuza aja akuganiza kuti mwina ameneyo anawina kale nkhondo yake. Kutuwa kwa kathadzi kuja nakonso si kwachabe, kamafanana kwambiri ndi thadzi la bishop, zija matambala ake amafiira psuu m'bango nthawi ya dzinja, mbalame yosalakwira munthu. Koma atimba a ku Choma anatulukira, amathamangitsa onse awiri mofanana, wolakwa ndi wosalakwa yemwe, ndipo akaona mmodzi pafupi ndi chisa amayamba kuyang'anitsitsa mazira awo.

Za ubale wake mwachidule, kale ankakaika m'gulu la mbalame zoluka zisa, koma DNA inaonetsa kuti ndi m'bale wa whydah, kaja kakuda ndi koyera kamlomo wofiira kamchira wautali kamene kamavutitsa tinzake pa kapinga m'dzinja. Nako sikamanga chisa, banja lonse ndi lotero.

Tsopano za udzu, ndipo apa ndilankhula molimba pang'ono. Pa mndandanda wa IUCN, bungwe la dziko lonse loona za zamoyo zimene zili pa chiopsezo chakutha, kachikasu kali m'gulu la zosadetsa nkhawa, chifukwa kamapezeka m'maiko ambiri a mu Africa kum'mwera kwa Sahara. Koma mawu amenewo amanena za kontinenti yonse, sanena za dambo la kuseri kwa dimba lanu. Mbalameyi imapezeka apa ndi apo, chaka china muiona chaka china osaiona, imatsata mvula ndi udzu wobereka njere, ndipo moyo wake wapachikika pa zinthu ziwiri. Kakakula kamadya njere za udzu, ndiye kamafuna udzu wosiyidwa mpaka ukhwime. Ana ake amadya tizilombo timene timba amawabweretsera, ndiye pamafunika timba wambiri, ndipo timba amafuna udzu wautali ndi tizitsamba tomangirirapo chisa, pafupifupi m'chiuno mwa munthu kapena kutsikirapo. Wakuba sangakhale pamene palibe womubera. Dambo likatha woyamba kusowa ndi kachikasu, timba amapirira pang'ono poti amatha kukhala ngakhale m'heji, ndiye inu kukaona kachikasu pa dimba panu ndi umboni woti dambo lanulo likadali lamoyo.

Ndipo madambo a kuzungulira Lusaka mukuona nokha mmene akuthera. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu distirikiti ya Lusaka yokha, onsewo akufuna pogona, sindikuwanena, nanenso ndimakhala m'nyumba. Koma mukakwera basi ya ku Chongwe muziyang'ana pawindo, malo amene zaka 15 zapitazo munali madzi m'dzinja lero muli mabikoni, mawolofensi, milu ya mabuloko. Munthu amagula ploti mu September kuli gwa, akubwera February madzi ali m'maondo, ndiye amathira malole a dothi ndi miyala, madzi aja n'kupita kwa neba. Mkangano wa Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, munaumva, ndi nkhani yomweyi ya malo osunga madzi kusanduka maploti. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndi limene limasunga chitsime cha pa dimba panu mpaka October. Chilala cha 2024 chija, chimene boma linachita kulengeza kuti ndi tsoka la dziko, amene anali ndi dambo losawonongeka pafupi anaona kusiyana kwake. Ndiye ndikamati siyani udzu sindikupempherera mbalame zokha, repu ndi tomato wanu akumwa momwemo.

Ngakhale malo akuluakulu ngati Kafue Flats, kumene kuli mapaki a Lochinvar ndi Blue Lagoon, udzu wake uli pa mavuto, madamu a Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge anasintha kabweredwe ka madzi, ndipo chitsamba chaminga chochokera kunja, Mimosa pigra, chinalanda malo aakulu amene kale anali udzu. Anthu tikamva za kuteteza chilengedwe timaganiza mitengo, kubzala mitengo, tsiku la mitengo, udzu timauona ngati tchire loyembekezera kulimidwa. Koma pali mbalame zambiri zoti mtengo zilibe nawo ntchito. Quailfinch imakhala pansi ngati kazinziri, mumangoidziwa ikavumbuluka pamapazi panu. Locustfinch, kakang'ono kuposa kachikasu, kanalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1909 kuchokera kufupi ndi nyanja ya Bangweulu, ndipo anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzakafuna m'madambo athu. Kubzala bulugama m'dambo ndi kupha zonsezi, ngakhale wobzalayo atajambulitsa chithunzi chabwino pa Facebook.

Ndiye inu muchite chiyani. Nthawi yoopsa kutchetcha ndi ino, kuyambira January mpaka April, pamene zisa zili ndi mazira ndi ana. Chikwanje chimodzi m'mawa umodzi chitha kugwetsa zisa zingapo inu osadziwa. Mantha a njoka ndi enieni, sindingakuuzeni kuti muwaiwale muli ndi ana oyenda opanda nsapato. Koma njoka simuithetsa pometa dambo lonse, imabwera pa dimba chifukwa cha makoswe ndi achule ndi pobisala. Lambulani njira zimene mumayendamo, lambulani mamita awiri kapena atatu kuzungulira mabedi ndi pachitsime, chotsani milu ya zinyalala, malata akale ndi mapesi, gulani magambutsi a anyamata othirira, udzu wa mkati mwa dambo muusiye. Pa chisa chimene mwapezacho siyani chigawo chachikulu ndithu, osati kachitsa kamodzi kokhala pambalambanda, chifukwa mukatero mwangoikira chizindikiro akhwangwala ndi amphaka. Pakatha masabata awiri kapena atatu anawo adzakhala atatuluka. Ukafika May kapena June mutha kumweta wofolerera ndi womangira mpanda, udzu utakhwima njere zitagwa, ndipo kumweta ndi zenga chigawo ichi chaka chino chigawo icho chaka chamawa dambo silidandaula.

Moto ndiye nkhani ina. Anyamata osaka mbewa akayatsa mu September kapena October udzu uli gwaa, moto umatentha mpaka mizu ndi dothi lakuda lija la m'dambo, njere zonse phulusa, pobisala palibe. Ngati kuotcha kuli kosapeweka, kuli bwino kuotcha molawirira udzu usanaumitsitse, madzulo mphepo itagona, zigawozigawo, kusiya zilumba. Izi zimafuna kugwirizana ndi aneba ndi a mfumu, poti dambo si la munthu mmodzi ndipo inu nokha mutha kusunga mbali yanu wina n'kuyatsa yake mphepo ikuloza kwanu. Mankhwala nawo, opopera mbozi pa repu ndi kabichi aja, poperani pa mbewu pokha, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, ndipo sipuleya musatsukire m'dambo. Timba amadya mbozi ndi ziwala tsiku lonse, pa dimba panu ndi wantchito wosalipidwa. Kachikasu nako musakaope kuti kakudyerani mbewu, si quelea zija zimabwera ngati mtambo n'kumaliza mapira, aka kamayenda kokha kapena m'timagulu, chilimwe n'kumakagona pamodzi m'bango, chakudya chake njere za udzu wa kutchire.

Mwanayo musamukalipire, koma mumuuze malamulo. Asagwire ana kapena mazira, asapite pa chisa kangapo pa tsiku chifukwa kanjira kamene mapazi ake akupanga mu udzu zilombo zimakatsata, ndipo asaonetse anzake a malegeni ndi ulimbo. Akhale patali mamita khumi, phee, awerenge kuti timba akubwera kangati ndi chakudya pa mphindi 30, alembe m'kope ndi deti lake. Anawo akatuluka adzaona ali ofiirira ngati dothi la katondo, osati achikasu, akutsatira timba mu udzu n'kumalirira chakudya kwa masiku angapo ngakhale akumuposa thupi, kenako adzasowa, apita kukalowa gulu la anzawo amene sanawaonepo chibadwire. Ngati muli ndi foni ya kamera jambulani katambala kaja muli patali, mulembe malo ndi tsiku, mutumize kwa a BirdWatch Zambia, amene kale ankatchedwa Zambian Ornithological Society, kapena muike pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene munthu waona, poti mbalame yoonekera apa ndi apo ngati imeneyi lipoti lililonse limathandiza kudziwa madambo amene akadali nayo. Amakonzanso maulendo okaona mbalame kuzungulira Lusaka, mwana wa maso otero mupite naye tsiku lina akagwireko mabainokyula. Ndipo dzinja likubwerali akadzapeza chisa china chikadali ndi mazira, asuzumire kamodzi kokha osagwira, ayang'ane ngati onse ali ndi timizere topotana tija. Likakhalapo limodzi la madontho okhaokha, lokulirapo pang'ono, abwerenso pakatha masiku awiri adzaone ngati timba walisiya kapena walitaya.